Tomcat 10 pa Ubuntu 24.04 ikungondipatsa 404 pomwe pa laputopu zonse zikuyenda bwinobwino

kaphiri_dev:

Moni nonse akuluakulu. Ndithandizeni chonde, lero ndi tsiku lachitatu ndili pa vuto limodzimodzi ndipo mutu waima.

Ndinapanga kapulogalamu ka Java ka gulu lina la alimi kuno kwathu, kolembera mamembala, masheya awo ndi ngongole zomwe atenga, kuti asiye kudalira mabuku aja mlembi amayenda nawo m'chikwama mvula ikugwa. Ndinakalemba pa laputopu yanga ya Windows mu NetBeans, ma servlet (ma class a Java oyankha zomwe browser yapempha) ndi ma JSP (masamba ake) basi palibe Spring, database ndi ija imabwera ndi XAMPP, ndipo pa Tomcat 9, seva yoyendetsera mapulogalamu a Java a pa webu, kakhala kakuyenda bwino miyezi inayi yonse. A komiti ataona anagwirizana kuti tikaike pa kompyuta imodzi ya mu ofesi kuti alembi ndi asungichuma azitsegula aliyense pa makina ake kudzera pa wifi ya pompo.

Nde anandipatsa desktop yakale ya RAM 4GB, ndaikamo Ubuntu Server 24.04, kenako sudo apt install tomcat10 chifukwa tomcat9 sinapezeke, ndaikanso mysql-server. Ndikatsegula IP ya makinawo pa 8080 tsamba lija lolembedwa It works likubwera, kusonyeza kuti Tomcat ili moyo. Ndakopera alimi.war, fayilo yomwe yanyamula pulogalamu yonse, mu /var/lib/tomcat10/webapps ndipo foda ya alimi yadzipanga yokha, ngakhale logo ndi index.jsp zikuoneka. Koma ndikangolemba dzina ndi pasiwedi nkudina Lowani, ikungoti HTTP Status 404, /alimi/login palibe. Servlet iliyonse ndi 404. Ndapanga restart kangapo, ndafufuta war nkukoperanso, ndapanga build kachiwiri, ndayang'ana mu /var/log/tomcat10 sindikuonamo error, ikungonena kuti deployment yatha.

War yomweyomweyo ndikaibwezera pa laputopu ikuyenda. Loweruka kuli msonkhano wa mamembala ndipo ndinalonjeza a tcheyamani kuti adzaona zikugwira ntchito. Ndikulakwitsa pati?

MkuluWaSeva:

Achimwene khazikani mtima pansi, simunaononge kanthu. Tsegulani servlet yanu iliyonse muone mizere ya pamwamba ija ya import. Ndikukhulupirira kuti mupeza import javax.servlet.http.HttpServlet ndi @WebServlet pamwamba pa class. Ngati zili choncho vuto ndi limenelo basi.

Nkhani yake ili motere. Java EE inali m'manja mwa Oracle, nde mu 2017 anaipereka ku Eclipse Foundation, mu 2018 dzina nkusintha kukhala Jakarta EE. Koma dzina loti javax Oracle sinalole kuti a Eclipse azilisintha kapena kuwonjezeramo zinthu zatsopano, choncho pa Jakarta EE 9 yomwe inatuluka mu 2020 ma package onse a seva anasamuka, javax.servlet inakhala jakarta.servlet. Tomcat 9 ndi yomaliza kudziwa javax. Kuyambira Tomcat 10 imangodziwa jakarta. Nde ikamadzuka imasanthula ma class anu kufunafuna jakarta.servlet.annotation.WebServlet, ya inu ndi ya javax, kwa iyo ndi mlendo amene sikumudziwa, imangodutsa osanena kanthu. N'chifukwa chake mu log mulibe error koma servlet iliyonse ndi 404, ndipo index.jsp ikuoneka chifukwa JSP Tomcat imaimasulira yokha pompopompo. Mukanalemba ma servlet anu mu web.xml bwenzi mukuona ClassNotFoundException kapena NoClassDefFoundError yotchula javax/servlet, bwenzi mutazindikira tsiku loyamba lomwe. Kukhala chete kumeneku ndi komwe kumapweteketsa anthu ambiri.

Poti code ndi yanu ndipo muli nayo, ine ndikuti isintheni. Tomcat yomwe ili mu Ubuntu 24.04 ndi 10.1, imayendera Servlet 6.0. Ngati mukugwiritsa ntchito Maven, mu pom.xml chotsani javax.servlet-api muike jakarta.servlet-api 6.0.0, scope ikhale provided kuti jar imeneyo isalowe mu war, ikalowa imayambana ndi ya Tomcat. Kenako paliponse pali javax.servlet pakhale jakarta.servlet.

Apa mumve bwino, musapange replace all pa mawu oti javax okha. javax.sql, javax.naming, javax.crypto ndi za Java yeniyeniyo, sizinasamuke ndipo sizisamuka. Ndinaonapo mnyamata wina atasintha zonse kamodzi, DataSource yake inasowa, anataya tsiku lathunthu kufunafuna jakarta.sql yomwe kulibe. Sinthani javax.servlet yokha. Ngati mu ma JSP muli JSTL, ma c:forEach aja, jar yakale ya 1.2 siigwira, pamafunika ya Jakarta 3.0. Ngati mumakweza mafayilo ndi commons-fileupload yakale ija nayonso ndi ya javax, bola mungogwiritsa ntchito @MultipartConfig ndi request.getPart zomwe zili kale mu Servlet.

Chinanso, pa laputopu panu ikani Tomcat 10.1 yomweyo muziyesera pamenepo. Kulemba pa 9 nkumakaika pa 10 ndi komwe kwakufikitsani apa. Onaninso Java, pa seva lembani java -version. Mukapanga build ndi JDK yapamwamba kuposa ya pa seva mudzaona UnsupportedClassVersionError, ikatchula 65 ndiye Java 21, 61 ndi Java 17, 55 ndi 11.

sudo_265:

Aise zomwe anena akuluwa ndi zoona koma ine ndikuona ngati Loweruka layandikira kwambiri kuti uyambe kugwedeza code yonse. Pita pa tomcat.apache.org utsitse Tomcat 9 ya tar.gz, ndi kafayilo kakang'ono sikadya bandulo, uimasulire mu /opt/tomcat, upange user wa tomcat wopanda shell, chown foda yonseyo, ulembe kafayilo ka systemd, ija imayatsa ma service pa Ubuntu, mu /etc/systemd/system kokhala ndi CATALINA_HOME ndi JAVA_HOME, basi war yako iyenda mmene ilili osasintha ngakhale mzere umodzi. Tomcat 9 sinafe, a Apache akutulutsabe ma update ake. Ungokumbukira kuimitsa tomcat10 kaye ndi systemctl disable --now tomcat10 apo ayi ziwirizo zilimbirana port 8080 ndipo yachiwiriyo izingoti Address already in use.

Njira ina, Tomcat 10 yotsitsa kwa Apache imazindikira foda yotchedwa webapps-javaee. Ukaipanga pambali pa webapps nkuponyamo war ya javax, Tomcat ikamadzuka imaisandutsa yokha kukhala ya jakarta nkuiika mu webapps. Ndinayesapo pa kapulogalamu kena kakang'ono zinatheka. Chida chomwecho chilinso pachokha, jakartaee-migration, umachipatsa war yakale chimakupatsa yatsopano.

Msonkhano ukadutsa uzasinthe code mwachifatse.

NaBanda:

A sudo_265 sindikukana kuti njira yanuyo imagwira, koma "uzasinthe mwachifatse" tonse tikudziwa kuti tsiku limenelo silifika. Ine panopa ndikusamalira seva ina yomwe munthu anaika Tomcat mu /opt zaka zapitazo nkuchoka ntchito, palibe anaikhudzapo mpaka ine kufika, chifukwa apt upgrade siiona chinthu choikidwa pamanja. Munthu amaona ngati makina ali ndi ma update onse pomwe Tomcat ili pomwe anaisiya. Kumbukirani Ghostcat mu 2020, CVE-2020-1938, bowo lija la pa AJP port 8009 lomwe munthu amatha kuwerenga nalo mafayilo a mkati mwa WEB-INF, momwe ambiri timasungamo pasiwedi ya database. Anakonza pa 9.0.31 nkuzimitsiratu AJP, koma ma seva oikidwa pamanja aja ambiri anakhalabe otsegula chifukwa mwini wake kunalibe. Achimwenewa akupangira gulu la alimi, mawa akapeza ntchito ku Lilongwe ndani azikatsitsa tar.gz kumeneko? Ya apt bola, amene adzabwere pambuyo adzapeza zinthu pamalo pake, server.xml mu /etc/tomcat10, ma log mu /var/log/tomcat10.

Ndipo pulogalamu ya ma servlet okhaokha kusintha ma import ndi ntchito ya ola limodzi, si ya sabata.

A kaphiri_dev, ndikuchenjezeretuni za mwala wachiwiri womwe mupunthwe nawo 404 ikangotha, poti mwati mukuchokera pa XAMPP. Pa Windows mayina a ma table sasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, mukapanga table Mamembala imasungidwa ngati mamembala ndipo SELECT iliyonse imadutsa. Pa Linux Mamembala ndi mamembala ndi ma table awiri osiyana. Nde dump yanu ibwera ndi zilembo zazing'ono, code ikuitana ndi M wamkulu, MySQL izikuuzani kuti table doesn't exist inu mukuiona ndi maso. Pa MySQL 8 lower_case_table_names siisinthika seva ikakhala kuti yakhazikitsidwa kale, musavutike nayo, konzani ma query. Komanso root wopanda pasiwedi uja wa XAMPP pa Ubuntu sagwira, root wa kumeneko amalowa ndi sudo mysql basi. Pangani user wakewake wa pulogalamuyo, mumupatse mphamvu pa database imodzi yokhayo.

kaphiri_dev:

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. A MkuluWaSeva munalasa penipeni, ma servlet onse 14 anali javax. Ndasintha usiku wathawu, JSTL nayo ndasintha, ndaika Tomcat 10.1 pa laputopu monga munanenera, ndipo m'mawa uno login yadutsa pa seva koyamba, ndinachita kuimirira pampando. Achemwali a NaBanda za ma table zija zinandipezadi, ma query asanu ndi awiri anali ndi zilembo zazikulu, mukanapanda kunena bwenzi ndikulirabe mpaka pano. A sudo_265 njira yanu ndinaisunga ngati zikanakanika pofika Lachinayi.

Tsopano kwatsala ziwiri. Choyamba, pulogalamuyi imasunga chithunzi cha membala aliyense. Ndapanga foda /srv/zithunzi, ndapanga chown tomcat:tomcat, zitakanika ndinafika popanga chmod 777, koma ikukanabe, error yake ikuti Read-only file system. Chodabwitsa ine ndikalowa pa terminal ndikutha kupanga fayilo mu foda yomweyo popanda vuto, nde read-only yake ikuchokera kuti? Kapena ndingosunga zithunzizo mkati mwa webapps/alimi poti mmenemo ikulola?

Chachiwiri, dzulo magetsi anazima masana, atayaka alembi anandiimbira kuti sizikutsegula. Nditafika ndinapeza kompyuta ili chozima, nditayatsa IP inali itasintha, 105 ija yakhala 102. Sindingamathamangire ku ofesi nthawi zonse, ndi mtunda wa kabaza.

MkuluWaSeva:

Bwezani 777 ija msanga achimwene, ikani 750, vuto si ma permission. Ndipo mu webapps/alimi musasungemo chithunzi ngakhale chimodzi. Tsiku lomwe mudzakopere war yatsopano Tomcat imafufuta foda imeneyo nkuipanganso, zithunzi za mamembala onse zidzapita nthawi imodzi.

Read-only ikuchokera kwa systemd. Package ya Tomcat ya Debian ndi Ubuntu imabwera itamangidwa mpanda, lembani systemctl cat tomcat10 muona mzere woti ProtectSystem=strict ndi mizere ingapo ya ReadWritePaths pansi pake. Tanthauzo lake Tomcat ikaona disk yonse imaiona ngati yongowerenga, kupatula malo ochepa omwe atchulidwawo, webapps, ma log ndi ena. Inu pa terminal muli kunja kwa mpanda n'chifukwa chake mukulemba bwinobwino. Anachita dala kuti wina akathyola pulogalamu yanu asathe kulemba paliponse m'makinamo, nde musauchotse mpandawo, mungotsegula kakhomo kamodzi. Lembani sudo systemctl edit tomcat10, muikemo mizere iwiri iyi

[Service]
ReadWritePaths=/srv/zithunzi/

samalani muilembe pamalo pomwe fayiloyo yakuuzani, pakati pa mizere ya ndemanga ija, mukailemba pansi penipeni imatayidwa. Sungani, kenako sudo systemctl restart tomcat10. Musakasinthe fayilo yeniyeni ya service ija chifukwa update ikabwera idzalemba pamwamba pake. China chikavuta journalctl -u tomcat10 -n 100 ikuonetsani zomwe zachitika.

Za magetsi. Lowani mu BIOS ya desktop imeneyo mufune pomwe alemba za AC power loss kapena AC recovery, mayina amasiyana malinga ndi kampani, muike Power On, magetsi akabwera izidzuka yokha. Tomcat ndi MySQL za apt zimadzuka zokha pa boot, tsimikizani ndi systemctl is-enabled tomcat10 mysql. IP ikusintha chifukwa rauta ikugawa ndi DHCP, woyamba kudzuka ndi amene amatenga nambala. Mukhoza kuimanga pa rauta pomwe kuti MAC address ya seva izilandira nambala imodzimodzi, kapena mu fayilo ya yaml ya mu /etc/netplan muike static. Ya netplan muyesere ndi sudo netplan try, mukalakwitsa imabwerera yokha pakatha mphindi ziwiri, ndipo yaml imadana ndi tab, ma space okhaokha. Ndipo sevayo ilumikizeni ndi waya ku rauta osati wifi.

Koma chomwe chikundidetsa nkhawa ine si kudzuka kwa makina, ndi database kuzimidwa mwadzidzidzi ikulemba, pa hard disk yakale. InnoDB, mbali ya MySQL yosunga ma table, imayesetsa kudzikonza ikadzuka koma disk yokalamba ikamadulidwa moto tsiku ndi tsiku tsiku lina siidzadzuka. Auzeni a komiti agule ka UPS, kabatire kosunga moto magetsi akazima, ngakhale kakang'ono, ndipo inu lero lomwe ikani mysqldump mu cron, yomwe imayendetsa ntchito pa nthawi yoikika, izipanga kope ya database tsiku lililonse nthawi ya nkhomaliro pomwe makina ali choyaka, osati pakati pa usiku, fayiloyo izikoperedwa pa flash, pamodzi ndi /srv/zithunzi. Muyeserenso kamodzi kuibwezeretsa pa laputopu muone ngati ikutsegukadi. Izi ndi ngongole za anthu.

NaBanda:

Ndiwonjezere pang'ono pa zomwe anena akuluwa. Nthawi ya makina muione, lembani timedatectl, Ubuntu Server nthawi zambiri imakhala pa UTC ndipo ife tili patsogolo ndi maola awiri, nde malisiti azionetsa 8 koloko munthu atalipira 10 koloko, asungichuma akayamba kukayikira pulogalamu yanu pa zinthu ngati zimenezi kuwabweza nkovuta. sudo timedatectl set-timezone Africa/Blantyre kenako restart Tomcat ndi MySQL kuti zitenge nthawi yatsopano.

Memory, pa 4GB muli Tomcat ndi MySQL limodzi. Mu /etc/default/tomcat10 muli JAVA_OPTS, ikani -Xmx1g ndi yokwana kwa anthu awiri atatu, musaipatse yonse ayi, RAM ikatha kernel imapha chomwe chikudya kwambiri ndipo mudzangopeza china chafa popanda chifukwa chooneka mu log yake.

Anthu a mu ofesi asamavutike kulemba :8080, ikani seva ya webu ya nginx kutsogolo imvere pa 80 nkumapereka kwa Tomcat ndi proxy_pass http://127.0.0.1:8080, kenako mu server.xml pa Connector muwonjezere address="127.0.0.1" kuti Tomcat isamayankhe wina aliyense kupatula nginx. Poti muli ndi zithunzi, nginx imakana chilichonse choposa 1MB mukapanda kuiuza, izikupatsani 413, ndipo chithunzi cha pa foni chimaposa pamenepo, nde ikani client_max_body_size 10m. Mukamayatsa firewall ya ufw yambani ndi sudo ufw allow OpenSSH musanalembe enable, apo ayi mudzitsekera panja nokha. tomcat10-admin ngati simunaiike isiyeni, manager simukuifuna, kukopera war ndi scp kukukwanirani.

Koma izi za nginx zikhoza kudikira Lolemba. Funso langa ndi la wifi ya mu ofesiyo, pasiwedi yake ali nayo ndi angati? Chifukwa pa http wamba pasiwedi ya asungichuma ikuyenda poyera pa netiweki imeneyo. Ndipo mu table ya ma user, mapasiwedi mwasunga bwanji?

kaphiri_dev:

ReadWritePaths yagwira, chithunzi choyamba chalowa, ndi cha a tcheyamani omwe. 777 ndachotsa. BIOS ndapeza, pa makinawa analemba After Power Loss, ndayesa kuzula pulagi nkubwezera yadzuka yokha mpaka tsamba la login osakhudza kalikonse. IP ndaimanga pa rauta. Nthawi inalidi pa UTC, malisiti oyesera a dzulo onse ali m'mbuyo ndi maola awiri, ndakonza. Cron ndaika 12:30, flash ndagula ndi ndalama zanga kaye, za UPS ndikazinena Loweruka pamaso pa mamembala onse kuti zilowe mu maminitsi.

Achemwali funso lanu landigwira. Wifi ija pasiwedi yake inalembedwa pa kapepala kokhomedwa kukhoma pafupi ndi kalendala, aliyense wobwera kudzagulitsa soya amaiona ndipo achinyamata amakhala pakhonde madzulo kumagwiritsa ntchito. Ndikambirana ndi alembi mawa tisinthe, kapepalako kachoke. Mapasiwedi mu database ndinasunga ndi MD5, njira yobisira mapasiwedi yomwe tinaphunzira, ndawerenga usiku uno ndaona kuti siyoyeneranso ndipo anthu akuti bcrypt. Ma user alipo anayi okha nde ndikhoza kungowapangira atsopano. Library yake ya Java yomwe mumagwiritsa ntchito inu ndi iti, ndipo nayonso ili ndi nkhani ya javax ndi jakarta kapena ndingoiponya mu pom.xml?